Nkhuku yapuwala miyendo koma ikudya bwinobwino: kumvetsa matenda a Marek

Zimayamba ngati nkhani yaing'ono. Msoti umene umayembekezeka kuyamba kuikira mwezi wamawa wayamba kutsimphina, ndipo pakhomo aliyense ali ndi yankho lake: wapondedwa ndi mbuzi, ana augenda, unakodwa mu ulusi. Pakutha pa sabata msoti uja sukudzukanso. Wagona chamimba, mwendo umodzi utaloza kutsogolo, winawo kumbuyo, ngati mwana woti waterereka pamatope. Chodabwitsa n'chakuti mukauikira gaga pafupi ukujompha ndithu, madzi ukumwa, maso ali gwa. Zinzake zikungopalasa pabwalo osadandaula kanthu. Pakapita masabata awiri kapena atatu, ina yayambanso.

Apa mpamene anthu amasokonezeka. Dzina lobwera msanga pakamwa ndi chitopa, poti ndicho chimene tinazolowera kuti chimatha nkhuku. Ena amene anadonthezera katemera wa chitopa panthawi yake amayamba kumunyoza kuti anawagulitsa madzi. Komatu chitopa sichitola imodziimodzi chonchi. Kupuwala kwa pang'onopang'ono kwa nkhuku zongosinkhuka kumene kawirikawiri kumaloza ku matenda ena amene dzina lake silimveka kwambiri m'midzi, matenda a Marek.

Dzinali linachokera kuti?

Marek ndi dzina la munthu. József Marek anali dotolo wa ziweto wa ku Hungary, ankaphunzitsa mumzinda wa Budapest. M'chaka cha 1907 analemba za atambala anayi amene anapuwala, ndipo atawang'amba anapeza mitsempha yawo ili yotupa. Tikati mitsempha pano sitikunena ya magazi ayi, koma ija yoyera imene imanyamula uthenga kuchokera ku ubongo ndi msana kupita ku miyendo ndi mapiko.

Kwa zaka zoposa 50 akatswiri ankasakaniza matendawa ndi khansa ina ya nkhuku yotchedwa lymphoid leukosis, chifukwa onse awiri amabweretsa zotupa m'chiwindi. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, Peter Biggs wa ku England anatsindika kuti awiriwa ndi osiyana, ndipo opuwalitsawa anapatsidwa dzina la Marek. Mu 1967 Biggs ndi mnzake A. E. Churchill, akugwira ntchito pamalo ofufuzira za nkhuku a Houghton ku England, anapeza kachilombo koyambitsa matendawa.

Nthawi imeneyo nkhaniyi sinalinso ya atambala anayi. Ulimi wa nkhuku ku America ndi ku Ulaya unali utasintha: nkhuku zikwizikwi m'nyumba imodzi, gulu lina likachoka lina likulowa. Matenda amene kale ankangopuwalitsa nkhuku zowerengeka anasanduka mliri wa zotupa. M'makola ogwidwa munkafa nkhuku 25 kapena 30 pa 100 zilizonse, pena mpaka 60. Koma kachilomboko si kachilendo. Mu 2023 ofufuza amene anayeza mafupa akalekale a nkhuku ofukulidwa pansi analengeza kuti kakhala kali m'nkhuku za ku Ulaya kwa zaka zosachepera 1,000, ndipo zikuoneka kuti kakaleko kanalibe ukali wa masiku ano. Lero kakupezeka kulikonse kumene anthu amaweta nkhuku.

Kachilombo kokhala m'fumbi

Kachilombo ka Marek ndi ka m'banja la herpes, banja limodzi ndi kamene kamayambitsa katsabola mwa anthu. Amene anadwalapo katsabola ali mwana amachira, koma kachilomboko sikachoka m'thupi. Kamabisala, ndipo mwa ena kamadzatulukira atakula ngati mashingozi. Ka nkhukuka khalidwe lake ndi lomwelo. Nkhuku ikakatenga yakatenga mpaka imfa, kaya idwale kaya isadwale.

Njira yake yotulukira ndiyo imene imavutitsa. Kamaswana m'tizibowo ta khungu momwe mumamera nthenga. Nkhuku ikamadzikuna, ikamakupiza mapiko kapena kusamba m'dothi, pamayoyoka timakoko ta khungu tosaoneka bwino ndi maso, ndipo kachilomboko kamakhala katakutidwa m'menemo. Timakokoto timasakanikirana ndi fumbi la m'khola, n'kukhala pamitengo yogonapo, m'ming'alu ya khoma, m'kangaude wa kudenga, mu utuchi. Mwanapiye akapuma fumbi limenelo, basi kalowa. M'fumbi louma kamatha kukhala ndi mphamvu kwa miyezi ingapo ngakhale m'kholamo mulibenso nkhuku. Kamayendanso pa zovala, nsapato, matumba a chakudya ndi madengu onyamulira nkhuku. Taganizirani munthu wochokera kuchigayo: sanabe ufa wa wina aliyense, koma mutu ndi malaya zayera, ndipo kulikonse kumene wakhala akusiyako kaufa.

Nkhuku imayamba kumwaza kachilomboka patapita pafupifupi masabata awiri chikatengereni, pamene kudwala kumaoneka patapita mwezi kapena miyezi ingapo. Zambiri sizidwala n'komwe. Choncho pamene mukuona msoti woyamba ukutsimphina, dziwani kuti gulu lonse linapuma kale fumbi lomwelo.

Pali zinthu ziwiri zotonthoza. Choyamba, kachilomboka sikalowa m'dzira. Mwanapiye amaswedwa alibe, amakatengera kunja, ndipo apa mpamene matendawa amasiyana ndi lymphoid leukosis, imene thadzi limapatsira mwana kudzera m'dzira. Chachiwiri, sikagwira anthu. Zinziri ndi nkhukundembo nthawi zina zimadwala, koma mwini wake weniweni wa matendawa ndi nkhuku.

Asilikali opanduka

Chimene chimapuwalitsa n'chiyani kwenikweni? M'magazi a nkhuku, monganso a munthu, muli tizigawo toteteza thupi timene ambiri timati asilikali a m'thupi. Kachilombo ka Marek kamalowa mwa asilikali amenewa. Ena kamawapha, n'chifukwa chake nkhuku yogwidwa imafooka ndipo matenda ena, monga aja otsegula m'mimba mwa magazi, amaipeza mosavuta. Ena kamawasandutsa khansa, amayamba kuswana mosalekeza. Asilikali opandukawa akakaunjikana mumtsempha waukulu wa m'ntchafu, mtsemphawo umatupa kuwirikiza kawiri kapena katatu, umasiya kuyera n'kukhala wotuwa kapena wachikasu, ndipo uthenga sudutsanso. Mwendo uli bwinobwino, fupa silinathyoke, koma suumvanso mwini wake. Kawirikawiri mbali imodzi imagwidwa kwambiri kuposa inzake, ndiye chifukwa chake miyendo imatayana, wina kutsogolo wina kumbuyo.

Malo amene aunjikana ndiwo amasankha chizindikiro. Mtsempha wa phiko ukagwidwa, phiko limalendewera n'kumakokeka pansi. Wa m'khosi ukagwidwa mutu umagwa. Ukagwidwa wolamulira chithokomiro, chithokomiro chimakula n'kumangokhala chodzaza, chakudya osatsika. Pali mtundu wa m'maso: mbali ya diso imene imakhala yofiirira imasanduka yotuwa mbuu, kadontho kakuda ka pakati kamachepa n'kutaya kuzungulira kwake, mapeto ake nkhuku imachita khungu ndipo imajompha pambali pa chakudya. Pali wa pakhungu, umene umaoneka pososola, tizibowo ta nthenga titatupa ngati njerewere. Ndipo pali mtundu wina wopanda phokoso, wa zotupa za m'kati. Nkhuku imangoonda, lipombo limayezuka, mukaigwira fupa la pachifuwa lili lakuthwa ngati mpeni, kenako yafa osatsimphinako. Mukaitumbula mumapeza chiwindi chachikulu modabwitsa chokhala ndi mawanga oyera, zotupa mu impso, mumtima kapena pamene pamapangika mazira.

Nthawi zina nkhuku imapuwala tsiku limodzi kapena masiku atatu n'kudzuka ngati palibe chinachitika. Mankhwala alionse amene inapatsidwa masiku amenewo amatenga ulemu wosawayenera. Ina mwa nkhuku zoterozo imadzafa ndi zotupa patapita masabata.

Msinkhu umathandiza kwambiri pozindikira. Matendawa amakonda nkhuku za masabata 12 mpaka 24, ngakhale amatha kuyamba pa mwezi umodzi kapena kugwira zikuluzikulu. Misoti imagwidwa kuposa atambala, ndipo nthawi yoyamba kuikira, thupi likamapanikizika, ndi imene ambiri amataya nkhuku zimene adyetsa kwa miyezi isanu.

Nanga si chitopa?

Chitopa, chimene ena amati chideru, ndi matenda a Newcastle, amene anadziwika koyamba mu 1926 pachilumba cha Java ndi mumzinda wa Newcastle upon Tyne ku England. Nachonso chimapuwalitsa, choncho kusokoneza awiriwa si umbuli. Kusiyana kwake kuli pa liwiro. Chitopa chili ngati moto wolusa m'tchire la Okutobala: nkhuku zambiri zimadwala pakamodzi, zazikulu ndi zazing'ono zomwe, zimakhumata ngati zavala jekete, zimasiya kudya, zimabanika, zitosi zimakhala zobiriwira, ndipo pamasiku ochepa khola lonse psiti. Zopulumuka n'zimene zimatsala ndi khosi lopotoka. Marek ali ngati chiswe mumtengo wa denga. Amadya mwakachetechete, lero imodzi, mwezi wamawa ziwiri, ndipo yodwalayo imakhalabe ndi chilakolako cha chakudya mpaka pamene yalephera kukwawira pomwe chili.

Pali zinanso zogwetsa nkhuku miyendo zimene si zopatsirana. Anapiye osowa vitamini B2 amapinda zala m'kati ngati chibakera n'kumayendera zigongono, ndipo akapatsidwa mavitamini msanga amawongoka. Nkhuku yodya mphutsi za panyama yowola imatha kulowa poizoni amene amalefula khosi ndi thupi lonse pamaola ochepa. Nkhuku zanyama zonenepa mofulumira zimalemera kuposa miyendo yake. Zamazira zosowa laimu m'chakudya zimafooka mafupa. Ndiye pali kuvulala wamba.

Chifukwa cha ichi, maso okha sangagamule. Mlangizi wa ziweto kapena dotolo akang'amba nkhuku yongofa kumene amayerekeza mitsempha ya ntchafu ziwirizo ndi kuona ziwalo za m'kati, ndipo chitsimikizo chenicheni chimachokera ku labotale. Kungopeza kachilomboko m'magazi kapena m'nthenga sikokwanira, poti nkhuku zambiri zathanzi nazonso zili nako.

Katemera woteteza koma wosatsekereza

Katemera woyamba wa Marek anapangidwa ku Houghton komwe kuja mu 1969. Chaka chotsatira ofufuza a ku East Lansing, m'chigawo cha Michigan ku America, anaonetsa kuti kachilombo kena kachibale kopezeka mu nkhukundembo, kosadwalitsa, kamateteza nkhuku. Ameneyu ndiye katemera wa HVT, amene akugwirabe ntchito mpaka lero. Ku Netherlands kunachokera wina wotchedwa Rispens, amene amaonedwa kuti ndi wamphamvu kwambiri mwa akalewa. M'mbiri ya zachipatala, katemera wa Marek ndiye anali woyamba kugwiritsidwa ntchito ponseponse poteteza khansa yoyambitsidwa ndi kachilombo, anthu asanakhale ndi wawo.

Amene anazolowera katemera wa chitopa wa I-2 ayenera kuiwala kaye zonse zimene akudziwa. I-2 anapangidwa ku yunivesite ya Queensland ku Australia poganizira mlimi wa kumudzi: amapirirako kutentha, ndi dontho limodzi m'diso, nkhuku ya msinkhu uliwonse imalandira, ndipo amabwerezedwa miyezi inayi iliyonse. Ku Malawi amapangidwa ku Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe. Wa Marek anapangidwa poganizira makampani oswetsa anapiye. Amabayidwa pansi pa khungu la kukhosi tsiku limene mwanapiye waswedwa, kapena m'dzira momwemo pa tsiku la 18 la kufungatira. Mitundu yamphamvu imasungidwa mu nayitrojeni wamadzi wozizira madigiri 196 kunsi kwa ziro. Ulipo wa HVT wouma wosungika mufiriji wamba, koma kabotolo kamodzi kamakhala ka anapiye 1,000, ndipo mukasungunula muyenera kumaliza pa ola limodzi kapena awiri. Mayi amene thadzi lake laswa anapiye asanu ndi atatu m'dengu kuseri kwa chitseko, katemera wotereyu sanamuganizire.

Chifukwa chobayira tsiku loyamba n'chakuti pali mpikisano. Katemera amafuna sabata imodzi kapena awiri kuti akhazikike m'thupi, ndipo ayenera kufika kachilombo kolusako kasanafike. Zili ngati pamjigo: wofika m'mawa ndiye amatunga. Mwanapiye wobayidwa bwino akaikidwa tsiku lomwelo m'khola la fumbi la nkhuku zakale, katemera uja waluza mpikisano. Kubaya nkhuku yaikulu imene yakhala kale m'fumbimo n'kutseka khola mbuzi zitatuluka.

Ndiye pali mbali imene imadabwitsa ambiri. Katemera wa Marek amaletsa zotupa ndi kupuwala, koma saletsa kachilombo kulowa m'thupi kapena kutuluka ndi fumbi la nthenga. Nkhuku yobayidwa ili ngati munthu wovala jombo podutsa m'matope: mapazi ake ndi ouma, koma akalowa m'nyumba matope amalowa naye. Choncho mukasakaniza anapiye ogula obayidwa ndi nkhuku zachikuda zosabayidwa, mbali iliyonse ikhoza kupatsira inzake. Pogula anapiye a tsiku limodzi kapena nkhuku za masabata asanu ndi limodzi, kaya ndi za Mikolongwe, zamazira kapena za mitundu ina yatsopano, funsani mwachindunji ngati zinalandira katemera wa Marek. Mawu akuti "zinabayidwa kale" akhoza kutanthauza chitopa kapena gumboro basi.

Alimi ena amakhulupirira kuti kuweta nkhukundembo pamodzi ndi nkhuku kumapereka chitetezo chaulere. Maganizowa ali ndi pochokera, monga taonera, koma palibe amene angatsimikize kuti kachilombo kabwinoko kafika mwa mwanapiye msanga komanso mokwanira.

Matenda akalowa pakhomo

Mankhwala ochiza Marek kulibe. Makapisozi amapha tizilombo ta mtundu wina, osati ta mtundu uwu, ndipo tsabola kapena nimu sizingasungunule chotupa cha mumtsempha. Mavitamini ndi oyenera kuyesa kwa masiku angapo pachifukwa chimodzi chokha: ngati vuto linali kusowa kwa vitamini, nkhuku idzadzuka, ndipo mwadziwa.

Yodwalayo ipatuleni, osati poti mupulumutsa zinzake ku kachilombo, pakuti zinatenga kale, koma chifukwa zinzake zimaijompha ndi kuipondaponda, komanso yodwala imamwaza kwambiri. Ikhale pouma, chakudya ndi madzi pafupi ndi mlomo. Ikafika polephera kudzuka, ikuonda, ikugonera zitosi zake, ambiri odziwa za ziweto amati kuipha mwachangu n'chifundo kuposa kuisiya ife ndi ludzu.

Apa pali chizolowezi chathu chofunika kuchiyang'ananso. Nkhuku ikayamba kudwala timathamangira mpeni kuti ndiwo zisatayike, n'kusosolera nthenga pabwalo, mphepo n'kumaziulutsa. Ku matenda a Marek nthenga ndiye nkhokwe ya kachilombo. Nthenga ndi mtembo ziyenera kutenthedwa kapena kukwiriridwa mozama pamene agalu sangafukule. Kachilomboka sikadwalitsa munthu, mazira a nkhuku zathanzi za m'gululo ndi abwino kudya, koma nyama ya nkhuku yoonda ndi yodzaza zotupa oyeza nyama amaitaya, ndiponso popanda kuyeza simungadziwe ngati chinaigwetsa ndi Marek kapena china choopsa. Kuthamangira nazo kumsika zotsalazo, kapena kupatsa mlendo tambala wa m'gulu limenelo kuti akawete, n'kusamutsira vuto kwa mnzanu.

Posamala khola, mdani ndi fumbi. Wazani madzi musanasese kuti lisauluke, chotsani utuchi wonse ndi kangaude, tsukani ndi sopo kenako ndi mankhwala ophera tizilombo monga a klorini, ndipo lisiyeni liume padzuwa. Khola la dothi ndi udzu silingayere kotheratu, ndiye cholinga n'kuchepetsa, poti mwanapiye wopuma kachilombo kochepa ali ndi mwayi kuposa wopuma kochuluka. Anapiye ogula aleredwe kutali ndi nkhuku zazikulu kwa masabata awiri kapena atatu oyamba, ndipo m'mawa yambani mwawasamalira iwo musanalowe kwa zazikulu. Kupatula nkhuku yachilendo kwa masabata atatu kumathandiza kwambiri pa chitopa, koma pa Marek sikuulula kanthu, chifukwa yonyamula kachilombo imatha kuoneka yathanzi moyo wake wonse. Njira yodalirika yobweretsera mtundu watsopano ndi mazira oti aswedwe, poti m'dzira mulibe.

Pa zochita ndi gulu lonse, oweta amagawanika. Ena amati iphani zonse, yeretsani, dikirani miyezi ingapo, yambiraninso ndi anapiye obayidwa. Izi zimamveka kwa amene amaweta motsekera ndipo amagulitsa nkhuku zamoyo. Ena amati kumene nkhuku zimayenda momasuka n'kumakumana ndi za oyandikana nawo padzala, kupha zonse n'kungotaya chuma, popeza kachilombo kabweranso. Bola kusunga zopulumuka n'kumaswetsa zomwezo. Nawonso ali ndi mfundo, chifukwa kupirira matendawa kumayenda m'magazi. Mtundu wa Fayoumi wa ku Egypt umadziwika kuti ndi wolimba, pamene Silkie ndi Sebright zimagwa msanga. Mtengo wa njira yachiwiriyi ndi misoti imene idzafe m'njira, chaka ndi chaka.

Mafunso amene akadali poyera

Funso lalikulu ndi lakuti n'chifukwa chiyani kachilomboka kakhala kakulusiralusira. Katemera wa HVT atagwira ntchito zaka pafupifupi khumi, kunabuka mitundu yomupyola. Atawonjezera wachiwiri, m'zaka za m'ma 1990 kunabukanso ina yolusa koposa. Mu 2015 gulu lotsogozedwa ndi Andrew Read wa ku Pennsylvania State University, mogwirizana ndi ofufuza a ku Pirbright ku England, linaonetsa kuti mitundu yolusitsitsa imapha nkhuku yosabayidwa pamasiku pafupifupi khumi, isanayambe kumwaza kwenikweni, pamene yobayidwa imakhala ndi moyo n'kumamwaza. Kwa iwo, katemera wosatsekereza amapereka mpata kwa mitundu imene ikanafera limodzi ndi nkhuku yake. Mu 2020 ofufuza a ku Roslin Institute ku Scotland ndi anzawo a ku America anapeza mbali ina: nkhuku zosabayidwa zimene zinatenga kachilombo kuchokera kwa zobayidwa zinadwala mocheperako kusiyana ndi zotenga kwa zosabayidwa. Enanso amakumbutsa kuti ukali unayamba kukwera m'zaka za m'ma 1950, katemera asanabwere, ndipo amaloza chala kuthithikana kwa nkhuku ndi kufupika kwa moyo wa nkhuku zanyama. Kuti chilichonse mwa izi chinathandizira motani, mkangano ukadalipo. Ofufuza a mbali zonsezi sanena kuti anthu asiye kubaya.

Palinso funso loti Rispens, amene wagwira kwa zaka zambiri, adzapyoledwa liti, ndiponso ngati kungatheke kupanga katemera woletseratu kumwaza. Kwa ife funso lapafupi ndi ili: kodi padzapezeka katemera wa Marek wofanana ndi I-2, wopirira kutentha, wa m'kabotolo kakang'ono, woti wotemera wa m'mudzi n'kuyenda naye panjinga? Ndipo pamene anapiye a makampani akulowa m'midzi mochuluka n'kumagona khola limodzi ndi nkhuku zachikuda, kodi ndi ziti zimene zikuika zinzake pachiswe: zachikuda zimene zakhala ndi kachilombo kawo kwa mibadwo, kapena zobwera zimene zavala jombo?